Mabelu atatu m'boti la a Tak Byeong-gil

Chaka chimenecho a Tak Byeong-gil anabwera ndi makina awo oonera nsomba kushopu kwanga kanayi, atawakulunga m'bulangete. Ine ndimakonza mawailesi ndi zamagetsi za m'maboti padoko lathu, kumpoto kwa mzinda wa Sokcho. Iwo anali msodzi wa zaka 67, wamfupi, wa zala zitatu kudzanja lamanzere. Zinazo zinadulidwa ndi chingwe cha ukonde ali mnyamata. Boti lawo analitcha Sun-rye, dzina la mkazi wawo, ndipo ankapita panyanja awiriwiri mpaka mawondo a mayiwo atakana.

Makinawo ndinawaika ndine m'botimo. Ndinatchera mabelu atatu: lina lolira gulu la nsomba likamadutsa pansi, lina lochenjeza madzi akayamba kusaya, lachitatu lolira madzi akafunda kupitirira pamene nsomba za dorumuk zimakonda. Zaka zoyambirira ankandinyoza kuti ndawagulitsa tambala, chifukwa belu la nsomba silinkawapatsa mpata ngakhale womwa khofi.

Kenako belulo linayamba kulira mwa apo ndi apo, mpaka linangoti zii.

Ulendo uliwonse ndinkatsegula makinawo, kuyesa mawaya, osapeza vuto. Ndinkawauza, koma iwo ankati maso anga akalamba.

"Achimwene, makinawa ali bwinobwino. Pansipo palibe kanthu."

"Iwe unamirako liti pansi pa nyanja? Ingokweza mphamvuzo kuti azimva bwino."

Ndinakweza. Belu linayambadi kulira, koma linkalirira ndere, mapulasitiki ndi zinthu zoterera zoyabwa zija zomwe zadzaza nyanja masiku ano. Ankaponya ukonde, kukoka okhaokha mpaka msana kuwawa, n'kubwera padoko ndi nsomba zosadzaza ngakhale ndowa. Mayi Sun-rye ankawadikira atakhala pakreti, mpeni wotumbulira uli m'manja, kenako ankaubweza m'thumba.

Belu lomwe silinkapuma linali lachitatu. Novembala yense linkalira, Disembala n'kulirabe, nthawi imene kale madzi ankaluma zala. A Tak anandipempha kuti ndisunthe malire ake kuti lisamalire msanga. Ndinasuntha kawiri. Kachitatu ndinakana. Ndinawauza kuti ndatopa kunamiza makina, kuti madziwo afundadi ndipo nsomba zinathawira kumpoto, kuti anzawo ambiri apereka kale maboti awo kuti aphwanyidwe. Anakulunga makinawo m'bulangete lawo, n'kunyamula.

Anakazichita okha. Zilembo za pagalasi la makinawo ndi zing'onozing'ono, ndipo magalasi awo a maso sankapita nawo panyanja. Anadinadina mabatani mpaka phokoso linatha, osadziwa kuti azimitsa mabelu onse atatu.

Patapita masiku asanu ndi limodzi, m'mawa wa chifunga, anagunda miyala yomwe ili pafupi ndi polowera doko, miyala imene anakhala akuilambalala zaka makumi anayi. Boti lina linawapeza atakakamira chitini cha mafuta, milomo itachita bii ndi kuzizira. Boti lawo lija, Sun-rye, linakokedwa tsiku lachitatu litang'ambika pansi ponse. Makinawo sanalowe madzi. Nditawayatsa kushopu ndinaona mizere itatu ya mabelu aja, yonse itazimitsidwa.

Ndinakawaona kuchipatala. Mkazi wawo atatuluka kukatunga madzi, anandifunsa chapansipansi ngati makinawo anali ndi vuto. Ndikanatha kunama. Ndinati analibe.

"Ndiye kuti ndine," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Sindinawauze kuti ndikanangosuntha malirewo kachitatu, ntchito ya mphindi imodzi, sakanagwira mabataniwo. Mpaka pano sindinawauze.

Boti lina sanagule. Mayi Sun-rye anapita kukakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Wonju, kufupi ndi dokotala wa mawondo. A Tak anakwera kumapiri a ku Inje, komwe amalemba anthu oyanika nsomba pamathandala nyengo yozizira. Nsombazo zimabwera pamalole, zitaundana ngati miyala, kuchokera kumaboti a ku Russia.

Ndinawayendera mu Januwale ndi botolo la mowa wa soju. Ndinawapeza akupachika nsomba ziwiriziwiri pamitengo, zala zitatu zija zikukanika kugwira chingwe, kapitawo akuwakalipira kuti akuchedwa. Pa nthawi ya chakudya tinakhala kuseri kwa shedi. Ndinayamba kuwauza za kudoko, amene wamwalira, amene wagulitsa nyumba. Anandidula mawu kuti zimenezo ndizisunge. Anamwa kapu imodzi yokha, n'kunena kuti nyengo yozizira ikatha sakudziwa kolowera, chifukwa kwa mpongozi wawo ku Wonju kulibe chipinda.

Kapitawo anaitana. Anavala magolovesi awo, zala ziwiri zopanda kanthu zikulendewera, n'kubwerera kumathandala. Ine ndinatsetsereka kukadikira basi yobwerera kudoko.