Ndodo ya Rahima

Amuna anga a Sefu anali telala pa Lirangwe mpaka pamene matenda oyabwa obwera ndi tintchentche takumtsinje anawatseka maso. Mankhwala anafika mochedwa. Mdzukulu wathu Rahima anabadwa iwo atasiya kale kuona.

Lero ndi Rahimayo amene amagawa mapilisi a matendawa m'mudzi muno, akuyeza anthu msinkhu ndi ndodo yopaka utoto kuti adziwe mapilisi oyenera aliyense. Ana sadzikandanso, ndipo wonyoza ntchito yakeyo aonana ndi ine.

Chaka chino agogo akewo anaima pandodopo, nalandira mapilisi atatu.

"Ukandionjezera limodzi, ndikuona nkhope, iwe Rahima?" anafunsa.

"Ayi agogo, awa ngongoteteza."

Anamupapasa masaya nthawi yaitali. "Basi pita, ukawapeze anzanga maso asanathe."

Ine ndinakalirira kuseri kwa nyumba.