Tsiku limene munda unatsika phiri ndi mkamwini

Chaka chimene ndinagwa m'chikondi ndinkaseka chilichonse. Mbuzi ikayetsemula, ine kuseka. Mnyamatayo anali msodzi wa ku Monkey Bay, ine wa ku Chowe, m'tsinde mwenimweni mwa phiri, ndipo amayi anga sankafuna n'kumva komwe za iye. Ankati msodzi ndi mlendo m'nyumba yake yomwe, khasu salidziwa, adzandidyetsa usipa ndi nkhani. Potsiriza anaika lamulo kudzera kwa amalume: abwere adzabandire chimanga m'munda wathu wa kumtunda, akalephera abwerere kwawo ndipo njira aiiwale.

Anafika pakati pa dzinja, mvula itagwa usana ndi usiku mpaka zovala kuchita chuku pachingwe.

Munda umenewo ndi dothi lopyapyala logona pathanthwe, ngati mphasa yoyala pasimenti. Mvula ikachuluka, madzi amalowa pansi n'kumayenda pakati pa dothi ndi mwala, ndiye munda wonse umangokhala wolendewera. Kwathu ndi mwana yemwe amadziwa zizindikiro zake. Kasupe akafiira, nthochi zikayamba kuweramira kumunsi, kumtunda kukatseguka mng'alu wolowa dzanja, khasu limagona m'nyumba. Masiku amenewo zonsezi zinalipo. Koma akanamuuza ndani? Mwa mwambo amayi sakanayankhula naye, poti apongozi ndi mkamwini akakumana panjira wina amakhotera patchire. Ine ndinali kalikiliki kumusuzumira pampanda, mutu uli mwamwamba. Iye, pokhala msodzi, analawira anthu tisanatsegule zitseko n'kukwera yekha, akuti akationetse.

Ndinali kutsuka mbale kuseri kwa nyumba, amayi akusadzula nkhwani pakhonde, pamene tinamva kugunda kwapansipansi ngati lole ikukhuthula mchenga. Nditadzutsa mutu ndinaona chimanga chikubwera. Chinkabwera chili chiimire, mizere yake ili bwinobwino, nthochi zikutsatira pambuyo, ndipo pakati pake panali bwenzi langa, miyendo atatang'adza monga amachitira m'bwato kukaomba mwera, khasu ataligwira ngati nkhafi. Mulungu andikhululukire, ndinaseka. Mantha anandipeza pambuyo pake, munda utagunda chimwala cha kuseri kwa khola n'kupindika, iye osaonekanso.

Oyamba kufika anali amayi. Sindinawaonepo akuthamanga chotero. Anagwada m'matope n'kuyamba kufukula ndi manja, uku akundikalipira kuti ndisiye kulira, ndikumbe. Tinapeza phewa, kenako mutu. Amayi anamukolopola matope m'kamwa ndi chala chawo, n'kumupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. Msodziyo anatsokomola, anatsegula maso, ndipo ataona kuti nkhope imene yamuyandikirayo ndi ya ndani, anayesa kuthawa. Koma anali wokwiririka mpaka pachifuwa. Anangopotoza khosi n'kuyang'ana kumbali mwaulemu.

"Pepani amayi," anatero ndi mawu osasa, "munda wanu uja ndabwera nawo."

Ndinagwa chagada m'matope, phwete ndi misozi zikutuluka pamodzi. Ndinkamukonda munthu ameneyu, ndipo ndinkadziwa kuti ntchito imene anamuitanira yapita ndi phiri. Kumtunda kunangotsala thanthwe loyera, madzi akuyenderera.

Titamutulutsa, amalume anafika ndi ambulera yawo. Anayang'ana thanthwelo, anayang'ana msodzi atakhala pamtondo ali matope okhaokha, kenako anatembenukira kwa amayi.

"Chemwali, lamulo linali lanu. Kubandira sanamalize, ndipo munda wake palibenso. Ndimuperekeze ku siteji?"

Amayi anali akuchotsa dothi m'zikhadabo zawo, ziwiri zitathyoka. Sanayang'ane kwa mkamwini, poti mwambo unali utabwerera m'malo mwake.

"Achimwene," anayankha, "chinangwa chimene ndakumba ndi manja angawa sindipatsa munthu wina. Muuzeni akasambe, madzi ali pamoto."