Mphaka Wakhunyu Amene Ndinasiyiridwa

Mphakayo sanali wanga. Anali wa mayi wina wokalamba amene ndinkawasamalira ku North York, kuno kudziko lakunja, ndipo atamwalira, ana awo anati akamusiya kosungira ziweto zopanda mwini. Ndinamunyamula m'katoni pa basi mpaka ku Scarborough, kumene ndimakhala ndi mwana wanga wamkazi. Kwathu ku Dedza mphaka ndi wogwira makoswe basi, koma uyu pasanathe mwezi ankagona pamiyendo panga ndikaweruka.

Anayamba kugwa khunyu m'chaka chachiwiri. Loweruka lina m'mawa ndikusita yunifomu, ndinamva chinthu chikugunda mwendo wa tebulo. Ndinamupeza ali chafufumimba, kenako anagwera chammbali, miyendo ikupalasa, thovu kukamwa. Mwana wanga anayamba kulira. Ine ndinangochotsa mipando n'kumayang'ana wotchi. Ndinkadziwa chochita, chifukwa mlongo wanga wamng'ono ankagwa chomwecho.

Dokotala wa ziweto, mtsikana wofatsa, anatipatsa mapilisi omwa m'mawa ndi madzulo. Anathandiza kwa chaka, kenako mphaka anayambanso kugwa sabata iliyonse. Akatsitsimuka ankayenda mogunda makoma, osatizindikira.

"Kuli kafukufuku wa mankhwala atsopano ku chipatala cha ziweto cha pa yunivesite," anatero dokotalayo tsiku lina. "Amphaka ena alandira mankhwala enieniwo, ena mapilisi opanda kanthu, powonjezera pa akalewa. Inu simudzadziwa kuti wanu ali mbali iti. Inenso sindidzadziwa."

"Ndiye mwina tizingomuvutitsa chabe?"

"Mwina. Sindingakunamizeni. Koma mwinanso achira, kapena zidzathandiza ena m'tsogolo."

Anandipatsa fomu yoti ndikawerenge kunyumba. Tinkayenera kupita naye mphakayo kumeneko masabata awiri aliwonse, ulendo wa basi ndi sitima, kuti azikamumeta mwendo n'kumutenga magazi. Chonsecho mphakayo ankaopa ulendo kuposa china chilichonse.

Fomuyo inakhala pamwamba pa filiji masiku khumi. Munali tsamba lonse lofotokoza zimene adzachite mphaka akamva ululu, ndi nambala yoimba nthawi ina iliyonse. Powerenga tsamba limenelo ndinapsa mtima, osadziwa kuti ndikupsera yani.

"Amayi, sayinani," anatero mwana wanga m'Chingerezi chake. "Akanakhala munthu mukanazengereza?"

Pamenepo ndi pamene ndinamuuza za amalume ake, amene ankangodziwa kuti anamwalira iye asanabadwe. Ndinamuuza kuti mapilisi akatha pa chipatala chathu, mlongo wanga ankakhala miyezi osamwa. Kuti anagwa akupita kudimba, nkhope m'madzi osafika n'komwe m'maondo, ndipo anthu amene anamuona anaima patali poopa kuti malovu ake awapatsira matenda. Anali asanakwane zaka makumi awiri.

 Mwana wanga anafunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka, "Inu munali kuti?"

"Ku sukulu ya unamwino ku Lilongwe," ndinatero. "Ndinkaphunzira kusamalira odwala."

M'mawa mwake ndinasayina.

Tinapita kukamuyezetsa mphakayo koyamba mu Novembala. M'sitima anagwa kawiri, ine nditalowetsa dzanja m'bokosi kuti asamenyetse mutu. Kuchipatalako anatilandira bwino, anamutenga magazi, n'kutiuza kuti tidikire foni. Patatha masiku atatu dokotala wathu anaimba. Chiwindi chinali chitawonongeka kale ndi mapilisi akale aja, ndiye sakanamulandira m'kafukufukuyo. Nditadula foni ndinamva mtima kupepuka, ndipo ndinachita nazo manyazi.

Anakhala nafe miyezi ina inayi. Anawonda, anasiya kukwera pazenera, koma dzuwa likalowa m'chipinda ankalitsatira pansi pang'onopang'ono. Mu Malichi anagwa kanayi tsiku limodzi, ndipo tinapita naye kwa dokotala komaliza. Mwana wanga ndiye anamufungatira pomubaya jakisoni woti afe mosamva ululu. Ine ndinagwira phewa la mwana wanga.

Masana ake ndinali ndi shifiti, ndipo ndinapita. Bambo wokalamba amene ndinkawasambitsa anandiyang'ana n'kufunsa chifukwa chake maso anga anali ofiira. Ndinawauza kuti mphaka wanga wafa. Anandigwira dzanja pang'ono, anati pepani, kenako anandipempha kuti ndiwaveke masokosi poti mapazi awo anali atazizira.