Beseni la Agogo pa Chilumba Chosungirako Nsomba

Agogo anandilera ndi usipa. Makolo anga atamwalira ndili wamng'ono, ananditengera ku Chilobwe kumene ankagulitsa nsomba zouma pamsika, ndipo yunifolomu yanga inkamveka fungo la utaka ngakhale itachapidwa. Koma nyanja imene nsombazo zinkachokera anali asanaionepo. Iwo ankaoda ku Limbe, za m'matumba, basi.

Nditayamba ntchito m'sitolo ina m'tauni, ndinamva za chilumba china ku Mangochi chimene boma linachiteteza. Ndinafika pakhomo mtima uli m'mwamba. Ine sindine wolankhulalankhula, choncho ndinangoti, "Agogo, Loweruka tikupita kunyanja. Kuli chilumba chimene amasungirako nsomba."

"Amasungirako? Zambiri?"

"Akuti zosawerengeka."

Anaomba m'manja n'kuvina pang'ono pakhonde. Sabata yonseyo ndinkawaona akunong'onezana ndi anzawo a pamsika, makamaka amayi a tomato oyandikana nawo benchi, amene ankakonda kuwagemula.

Loweruka m'mawa tinakwera minibasi ya bambo wina wachisilamu wa ku Mpingwe, woyenda njira ya Mangochi. Agogo anafungatira beseni lawo lalikulu lovindikira ndi chitenje. Ine ndinkayesa muli kamba wa paulendo. Njira yonse anali pawindo, kufunsa dzina la phiri lililonse, ndipo madzi ataonekera patali anakuwa mpaka adalaivala anaseka.

Tinakwera bwato la injini dzuwa lili paliwombo. Chilumbacho chinkakula tikuchiyandikira: miyala ikuluikulu yosanjikizana, mitengo yomera m'ming'alu, nkhwazi ikulira pamwamba. Madzi ake anali oyera moti mchenga unkaoneka pansi. Tikutsika, mlonda wa malowo, wovala zobiriwira, anatiuza malamulo: osawedza, osathyola mtengo, ngakhale kamwala osanyamula.

"Nanga kooda ndi kuti, bambo?" anafunsa agogo.

"Kooda chiyani, agogo?"

Anavundukula beseni. Munali matumba opanda kanthu opindidwa bwino ndi mchere wambiri. Apa m'pamene ndinazindikira zimene ankanong'onezana zija.

"Mdzukulu wangayu anati mumasunga nsomba."

Mlonda uja anadziletsa kuseka. "Timasungadi. Koma si kusunga kwa m'thumba ayi. Timasunga ngati mwana."

Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakhala pamwala, dzanja patsaya. "Ndalonjeza msika wonse nsomba za pachilumba. Mayi wa tomato uja andiseka mpaka Khirisimasi."

Ndinangowagwira dzanja n'kuwalowetsa m'madzi mpaka m'mawondo, chitenje atachikwinyira m'mwamba. Posakhalitsa zinabwera. Timbuna, tinsomba ta m'miyala, tina tabuluu ngati sopo wochapira, tina tachikasu, tina tamizeremizere, tonse kuzungulira miyendo yawo.

"Mayo ine! Zikundilawa!"

"Zakudziwani, agogo," anatero mlonda ali pamwala. "Zamva kuti ndinu mumagulitsa abale awo."

"Iwe, abale awo ndiwo anaphunzitsa mwana uyu!"

Anaseka mpaka misozi. Ankaloza uku, kuloza uko, kundikoka malaya kuti ndione kena kamene kabisala pansi pa mwala. Ankati nsomba ankaidziwa yotuwa, yopindika, yopanda maso. Sankadziwa kuti imavala zamitundumitundu chonchi. Kenaka anandituma kuti ndichotse mchere ndi matumba, ndiwapatse beseni. Analimiza pang'onopang'ono, ndipo tinsomba tingapo tinalowamo tokha. Analitukula. Mlonda anaimirira, maso ali pabeseni. Agogo anaweramira m'besenimo, milomo ikugwedera ngati akupemphera, tinsombato tikuzungulira. Atakhutira analipendeketsa okha, tonse n'kubwerera kumiyala.

Mawa lake pobwerera, adalaivala aja atamva nkhaniyi anaima pamene anthu ankagulitsa chambo m'mbali mwa msewu. "Amayi, gulani izi tipachike pagalasi. Akadziwa ndani kuti si za pachilumba?"

"Ndidziwa ine," anatero agogo. "Tiyeni."

Tinafika ku Chilobwe msika usanaweruke. Amayi a tomato anatiwonera patali n'kubwera akupukuta manja, anzawo ali pambuyo. Anasuzumira m'beseni: mchere ndi matumba.

"Anzathu a kunyanja! Nanga katundu ali kuti? Kapena mwadyera m'njira?"

Agogo anatula beseni mosafulumira, n'kukonza duku.

"Katundu alipo, wambiri kuposa msika uno. Ndamuona ndi maso angawa, wandiluma ndi m'miyendo momwe."

"Ndiye ali kuti?"

"Ndamusunga."

Amayiwo anaseka chikhakhali, koma palibe anachoka. Agogo anali atakwinya kale chitenje mpaka m'mawondo, akuloza pamene tinsomba tabuluu tija tinawalawa, ndipo amayi a tomato anawerama kuti aonetsetse.