Thumba la Dothi

A Dowedia anatha zaka makumi atatu akuyendetsa chigalimoto chokumba miyala ya feteleza pachilumba cha Nauru. Masana ankadyera mpunga wawo ndi nsomba pansi pa mtengo wa tomano. Mgodi ukafika pamtengopo, ankaugwetsa okha n'kusamukira pa wina. Anzawo ankawaseka kuti, "Achimwene, inu ndiye mumadya ndi mthunzi womwe!"

Mtengo womaliza unali m'munda wa malemu mayi awo. Tsiku limene anaugwetsa anadyera m'galimoto, thukuta lili kamukamu.

Lero kumtunda komwe kunali mgodiko kwangotsala zipilala za miyala yosongoka, zoti ngakhale galu sapondako. A Dowedia nawonso anatha: msana unapindika, chifuwa sichiwapatsa mpata.

Mwezi wathawu akazi awo, a Eimon, ananena kuti atopa ndi zakudya za m'zitini, akufuna adzaleko maungu kuseri kwa nyumba. A Dowedia anakwera njinga yamoto n'kuzungulira chilumba chonse, koma dothi labwino lodzaza ngakhale chidebe sanalipeze. Mapeto ake anakagula kusitolo, la m'thumba, lobwera pa sitima kuchokera ku Australia.

"Koma bambo inu," anatero a Eimon, "dothi lokhali mpaka tsiku lonse?"

A Dowedia anatsitsa thumbalo n'kulikhalira, akupumira m'mwamba.

"Musatayeko ngakhale pang'ono, mayi. Ine ndi manja angawa ndinatumiza chilumba chathunthu kutsidya kwa nyanja. Chabwerako ndi chimenechi basi."