Tsiku limene seva yatsopano inaiwala kuti mayi anga anamwalira

Ndikudziwa kuti ena mukamva za makompyuta mumayamba kale kuyasamula, ndipo ena mudzati ndikukokomeza, koma Mulungu ndi mboni, izi zinandichitikira ine ndemwe, dzuwa likuswa mtengo.

Ine ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Liwonde, koma kwathu ndi mudzi wina kufupi ndi Ulongwe. Kumanda athu a Chisilamu kumudziko sitimanga ziliza, timangounjika dothi n'kuzika kamtengo, ndiye zaka zikapita udzu ndi mvula zimafafaniza zonse. Amene ankadziwa kuti apa pagona uje, apo pagona uje, anali mkulu wina wa kumzikiti, ndipo atamwalira anangotisiyira kabuku kodyedwa ndi chiswe. Ine, podzimva ukatswiri, ndinauza komiti ya mzikiti kuti zonsezo ndiziika pa wiki, ndiye kuti masamba a pa intaneti amene anthu opatsidwa chilolezo amatha kulembamo ndi kukonza. Wikiyo ndinkaisunga ndekha pa kompyuta yakale ya m'nyumba mwanga, imene anzathu a ntchitoyi amati seva. Womwalira aliyense anali ndi tsamba lake, lokhala ndi dzina, mzere ndi nambala ya malo, ndipo adzukulu okumba manda ankayeza ndi chingwe kuchokera pa zikhomo zachitsulo zimene tinakhoma kumutu kwa mzere uliwonse. Chaka china madzi osefukira atadutsa n'kusalaza mitumbira, mudzi wonse unatsala ukudalira wiki yanga, ndipo ine, kunena zoona, zinkandikomera.

Kompyuta yakaleyo itayamba kulira ngati chigayo, ndinagula ina, ndipo Loweruka lina ndinasamutsira wiki ija pa seva yatsopano. Nditamaliza sindinayese n'komwe ngati ikutseguka, ndinati ndiona mawa. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala, ine ndinadala madzi asanapite.

Mawa lakelo m'mawa ashehe anandiimbira kuti kwagwa maliro, bambo wina wachikulire watisiya, ndipo mukudziwa kuti ife sitigoneka maliro, ankafuna kuika ikangotha swala, pemphero la masana. Anati adzukulu afika kale kumanda ndi makasu, akungodikira kuti ndiwauze malo opanda munthu. Ndinawayankha modzitama kuti andipatse mphindi zisanu.

Kutsegula wiki, tsamba loyera mbee, lopanda ngakhale kadontho. Ndinatsitsimutsa kawiri, katatu, chimodzimodzi. Ndinakumba m'fayilo imene seva imalembamo zolakwika, n'kupeza ikudandaula kuti ikulephera kulowa mu detabesi, nkhokwe imene mumakhala zolembedwa zonse, chifukwa m'fayilo ya masetingi munali mukadali pasiwedi ya kompyuta yakale. Nditakonza pamenepo tsamba loyamba linabwera, koma ndikadina dzina lililonse inkati tsambalo kulibe, poti inkafunabe zinthu m'foda ya dzina lakale. Foni ikungolira, ashehe, amalume anga, mwana wa malemu, aliyense akufunsa kuti kodi zatheka? Komabe patatha pafupifupi ola mndandanda wa manda unatuluka bwinobwino, ndipo maso anga anathamangira pa malo oyamba opanda dzina: mzere wachinayi, malo achisanu ndi chiwiri. Ndinaimbira ashehe kuti akumbe pamenepo, iwo n'kundithokoza, nati maphunziro ndi abwino ndithu.

Ndinasamba, ndinamwa tiyi, mtima uli m'malo. Kenako ndinati ndilembe tsamba la malemuwo ndisananyamuke, ndipo ndi pamene ndinaona chinthu chachilendo. Wiki ili ndi tsamba losonyeza zimene zasinthidwa posachedwa, ndipo pamenepo chomaliza chinali cha zaka zinayi zapitazo. Zingatheke bwanji, ine nditalembamo mwezi wathawu? Ndinalemba dzina la mayi anga, amene anatisiya zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo kompyuta inandiyankha kuti tsamba la dzina limeneli kulibe, kodi ndikufuna kuliyambitsa?

Pa fulashi yanga panali mabakapu awiri, makope a detabesi, wina wakale wina wa sabata yomweyo, ndipo posamutsa paja ndinali nditalowetsa wakale. Ndiye kuti anthu onse amene tinaika m'zaka zinayi, kwa seva yatsopanoyo, anali asanamwalire, ndipo malo awo ankaoneka opanda munthu. Mwayi wake kompyuta yakale ndinali ndisanaifufute. Ndinaikoka pansi pa tebulo, kulumikiza mawaya, iyo n'kuyamba kulira kwake kuja, kuchedwa ngati ikuchita dala. Itayaka ndinapita pa mzere wachinayi, malo achisanu ndi chiwiri. Panali dzina la mayi anga, lolembedwa ndi ine ndemwe.

Ndinaimbira ashehe, foni yozima, anali akusambitsa thupi. Amalume, sikupezeka. Kumandako netiweki ndi ya apo ndi apo, ndipo nambala ya mdzukulu aliyense ndinalibe. Ndinatuluka nditavala patapata, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza, n'kumuuza mwini wake kuti athamange ngati akuthawa moto. Msewu wonse wa ku Ulongwe ndinkangoona khasu likutsika, likutsika, ndipo ndinkapempha Mulungu kuti dothi liwume, mpini uthyoke, chilichonse. Ndinalira pa njingapo, bambo wamkulu ndevu pepeya, wakabaza n'kumandipepesa poganiza kuti womwalirayo ndi wanga.

Nditafika ndinapeza adzukulu ataima mozungulira dzenje lofika m'chiuno, palibe akukumba. Mkulu wawo anati anakayika kuyambira pachiyambi chifukwa dothi linali lofewa ndi losakanikira, koma anzake anamutsutsa kuti aphunzitsi aona pa kompyuta, iye ndani? Anapitiriza mpaka khasu linagunda mtengo. Ndinasuzumira, ndipo pakona pa dzenjelo panaoneka nsonga ya umodzi mwa mitengo imene timayala pamwamba pa thupi tisanakwirire. Mitengo imeneyo ndinayala nawo ndi manja angawa. Ndinangokhala pansi pa dothi lomwelo.

Ashehe anabwera, anachita duwa, pemphero lathu, tinakwirira mwakachetechete, ndipo malo ena tinawapeza titafunsana ndi akuluakulu atatu, maliro n'kuikidwa mochedwa, dzuwa litapendeka. Palibe anandikalipira, ndipo bola akanandikalipira. Amalume okha, pobwerera, anandifunsa motsitsa mawu kuti ndinafika liti komaliza pamanda a mlongo wawo. Ndinavomera kuti chisefukire madzi aja ndinali ndisanapondeko. Anati iyayi, vuto si makinawo, mwana amene amayendera mayi ake sakanatchula nambala imeneyo pakamwa osadzidzimuka.

Wiki ndinaikonza sabata yomweyo, ndinalowetsa bakapu yoyenera, ndipo ikugwira ntchito mpaka lero. Koma tinalembanso zonse m'buku lalikulu limene limakhala kumzikiti, ndipo adzukulu ndinawauza kuti dothi likatsutsana ndi kompyuta azimvera dothi. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu anandichenjeza pondifikitsa pamphepete penipeni, chifukwa khasu limodzi kapena awiri owonjezera, sindikudziwa kuti ndikanayendanso bwanji m'mudzi umenewo.

Ndiye inu amene mumasamutsa zinthu za anthu kuchoka pa seva ina kupita pa ina, musanyengedwe poona kuti tsamba latseguka. Musafufute yakale msanga, ndipo musanauze munthu aliyense kuti zatheka, funani chinthu chomaliza chimene mukudziwa kuti munalemba, muone ngati chilimo. Ine masiku ano ndikangokhudza seva ija ndimayamba ndalemba dzina la mayi anga, ndipo Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse, tikatuluka mumzikiti, ndimapita kukazula udzu pa mzere wachinayi, malo achisanu ndi chiwiri, osafunsa chingwe.