Kaseti Yopanda Woyimba

Atate anabwera ku Kafue kuchokera kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo chuma chimene ankachisamala koposa chinali kaseti imodzi. Anawasiyira mzungu wina wokonza mainjini pobwerera kwawo. Dzina lolembedwa pa kasetiyo linafufutika kalekale. Munali azeze achizungu ambirimbiri, zitoliro, ndi ng'oma yomveka chapatali, koma woyimba ngakhale mmodzi munalibe.

Lamlungu masana, anzanga akadali kuvina kutchalitchi, atate ankakhala pakhonde pathu ku Nangongwe atatsinzina, chala chikuyendayenda m'mwamba. Ine zinkandinyansa. "Atate, nyimbo yanji yopanda mawu? Akutamanda ndani?" Iwo ankangoti, "Khala chete iwe, pabwino pakubwera." Pabwinopo pakafika, azeze onse ankakwera limodzi pang'onopang'ono ngati nkhungu ya m'mawa pamtsinje, ndipo ine wamakanine ndinkangozindikira kuti ndasiya kusenda mbatata.

Atadwala sitiroko, pakamwa panatsekeka. Miyezi inapita ndikuwamwetsa phala, iwo akungoyang'ana khoma. Chimene ndinkafuna ndi mawu awo basi, ngakhale ondikalipira. Ndinkaopa kuti adzapita ndisanawamvenso.

Tsiku lina ndikusesa kunsi kwa bedi ndinaipeza kaseti ija. Ndinapukuta wailesi yakale, n'kuikamo kasetiyo, n'kukweza mpaka pothera, poti makutu awo anali atayamba kugontha. Nyimbo inadzaza nyumba yonse. Dzuwa linkalowera pa katani, fumbi likuyandama m'kuwalako, sitima ikulira kutali cha kumlatho. Ndinaona ngati tabwerera pakhonde paja, atate ali ndi mphamvu zawo, malaya akununkha girizi. Ndinakhala pansi pafupi ndi bedi, misozi ikungotsika yokha.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Kwathu kuno nyimbo zotere timazimva pa wailesi dziko likakhala pamaliro a munthu wamkulu. Komanso komboni yonse inkadziwa kuti atate ali chigonere.

Ba neba athu, mayi wogulitsa nsomba za ku Chanyanya, anasuzumira pawindo. Anaona ine ndikulira, atate atatsinzina. Mayo ine! Anakuwa mpaka kumsewu kunamveka. Posakhalitsa azimayi anadzaza pakhomo, mipango kumutu, zitenje zomanga zolimba, ena ayamba kale kutulutsa mipando panja monga timachitira pamaliro.

Ndinapsa mtima zedi. "Ba neba, mwapenga kodi? Bwezani mipando yanga!" Koma ndani akanandimva m'kulira konseko?

Pamenepo dzanja la atate, lomwe linatsala lamoyo, linadzuka pabulangete. Chala chinaima m'mwamba. Milomo inalimbana nawo, kenako mawu anatuluka, olemera, opindika, koma awo enieni.

"Khalani... chete. Pabwino... pakubwera."

Azimayi anauma pomwe anali, wina mpando uli m'manja. Tinamvetsera tonse, azeze akukwera, chala cha atate chikukwera nawo. Ine ndinkaseka uku ndikulira.

Atate sanalankhulenso mawu ena mpaka mvula itayamba, pamene mipando inatulutsidwa panja zenizeni. Tili m'nyumba yamaliro, ba neba aja anasendera pafupi n'kundinong'oneza, "Mwana wanga, ika kaseti ya atate ako."

Ndinaika. Anthu anapitiriza kulira monga mwa mwambo. Koma nyimbo itayandikira pabwino paja, ba neba anakweza chala, nyumba yonse n'kukhala zii.